Kutchinga pakhomo kumagula masiku angati? Za nyumba zolandidwa ndi mabanki komanso malamulo ofoola mabungwe a apantchito ku America

Nachisale:
Akuluakulu, funso langa likupita kwa inu amene munaitsata bwino nkhani ya ku America ya m'zaka za 2010 mpaka 2013. Nthawi imeneyo anthu ankachita zionetsero pa zinthu zitatu pakamodzi: mabanki akulanda nyumba, makampani akuthira ndalama m'ndale, kwinaku zigawo zina zikukhazikitsa malamulo othyola msana mabungwe a anthu apantchito. Chondizunguza mutu n'chakuti unyinji wa anthu unali womwewo, mkwiyo womwewo, koma pena ankapambana, pena n'kubwerera chimanjamanja. Ku Madison, likulu la chigawo cha Wisconsin, kunasonkhana chinamtindi cha anthu koma lamulo linadutsa. Ku Ohio lamulo lofanana nalo linagwa. Pa nyumbanso chimodzimodzi, wina anabwezeredwa yake, wina anamutulutsira katundu panja anthu akuimba. Kusiyana kunali pati? Ndikufuna tsatanetsatane, osati za pamwamba.

Mbewe:
Achemwali, yambirani pa kalendala, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Ku America kalandidwe ka nyumba kamasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Florida, New York, Illinois ndi Ohio banki imayenera kukasuma kukhoti, woweruza n'kuvomereza, ndiye mlandu utha kukoka chaka kapena kuposa. Ku Georgia, Texas ndi California banki sipita kukhoti n'komwe, imangotsata ndondomeko yomwe munasainira potenga ngongole.

Tengani Georgia. Banki imakutumizirani kalata kutatsala masiku 30, imalengeza m'nyuzipepala ya m'deralo masabata 4 otsatizana, basi nyumba imagulitsidwa pa okushoni Lachiwiri loyamba la mwezi, pamasitepe a khoti. Ikagulidwa yapita, mwayi woiwombola palibe. Gulu limene lamva nkhaniyo kutatsala sabata imodzi lafika mochedwa kale.

Minnesota ndi ina. Kumeneko sherifu akagulitsa nyumba, nthawi zambiri mwini wake amakhala ndi miyezi 6 yoti aiwombole, ndipo miyezi yonseyo amakhalabe m'nyumbamo mwalamulo. Palinso kanjira kena kamene kanabwera mu 2009: mukakapereka chikalata cholumbira kutatsala masiku osachepera 15, okushoni imasunthidwa ndi miyezi 5, koma nthawi yowombolera imatsika kufika pa masabata 5. Mukawerengera, masiku onse pamodzi sasintha kwenikweni. Phindu lake n'lakuti okushoni isanachitike mumangofunika kulipira zomwe mwatsalira, pomwe ikachitika mumafunika ndalama yonse imene nyumbayo yagulidwira. Miyezi 6 ija ndi imene inapatsa a Occupy Homes, gulu la zionetsero loteteza nyumba za anthu ku Minneapolis, mpata womanga matenti pabwalo ndi kuvutitsa banki.

Choncho pa nyumba iliyonse pali masiku atatu oyenera kulembedwa pakhoma: la okushoni, lotha nthawi yowombola ngati ilipo, ndi lobwera sherifu kudzatulutsa anthu. Chochita pa lililonse n'chosiyana.

Nabanda:
Zoona a Mbewe, koma pali china chimene chimabwera kalendala isanabwere: ngongoleyo mwini wake ndani? Dzina lili pa kalata yomwe mumalandira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri si la mwini ngongole. Ameneyo ndi wotolera chabe, amati servicer. Ngongole zinkagulitsidwa, kuphatikizidwa zikwizikwi m'thumba limodzi, n'kugulitsidwanso kwa anthu oika ndalama. Zambiri zinali m'manja mwa Fannie Mae ndi Freddie Mac, makampani ogula ngongole za nyumba omwe boma linawatenga mu Sepitembala 2008.

Wotolerayu amalipidwa kagawo kakang'ono pa ngongole imene yatsala, amadyanso ndalama za chindapusa cha olipira mochedwa, ndipo nyumba ikagulitsidwa iye ndi woyamba kubwezeredwa zomwe anawononga. Ndiye mukamuuza kuti achotsere ngongole, mukumuuza kuti adzichepetsere yekha malipiro. N'chifukwa chake nyumba zina zinkalandidwa ngakhale pamene mwini ngongole weniweni akanapindula kwambiri munthuyo akanakhalabe m'nyumbamo n'kumalipira pang'ono.

Chochita: fufuzani keyala ya nyumbayo pa masamba a Fannie Mae ndi Freddie Mac a pa intaneti, onse awiri ali ndi pofufuzira. Ikapanda kupezeka, lemberani wotolerayo kalata yofunsa mwini ngongole, lamulo limamukakamiza kuyankha. Mukapeza kuti ndi Fannie kapena Freddie, dziwani kuti m'zaka zimenezo kukafuula panthambi ya banki kunali kuuwa mtengo wopanda nyani. Wokana kuchotsera anthu ngongole anali Edward DeMarco, mkulu wa FHFA, bungwe la boma loyang'anira makampani awiriwo, ndipo anakanitsitsa poyera mu Julayi 2012 ngakhale nduna ya zachuma inkamupempha.

Nachisale:
Nanga pulogalamu ya Obama ija yothandiza a ngongole za nyumba inathera pati?

Kwenda:
Imeneyo ndi HAMP ya mu 2009. Papepala inali yomveka. Cholinga chinali choti zomwe mumalipira pamwezi zitsike kufika pa 31 peresenti ya ndalama zomwe mumapeza musanadulidwe msonkho. Ankayamba kutsitsa chiwongoladzanja mpaka 2 peresenti, zikapanda kukwana ankatalikitsa ngongole mpaka zaka 40, zikakanikabe ankaika gawo lina la ngongole pambali kuti lidzalipidwe kumapeto. Munkayamba ndi miyezi 3 yoyeserera.

Pomwe zinkavutira ndi apa. Ofesi yoona za kusintha ngongole ndi ofesi yolanda nyumba zinali mu banki imodzi koma sizinkalankhulana, kapena tinene kuti sizinkafuna kulankhulana. Uku akukuuzani kuti pempho lanu likuunikidwa, uku tsiku la okushoni likuyandikira. Amati dual tracking. Mapepala ankasowa kawirikawiri, ndipo mapepala a malipiro akagona nthawi ankati atha ntchito, mutumize atsopano, mzere n'kuyambiranso. Choipitsitsa, munthu amene walipira ndalama yochepa ija kwa miyezi 8 kapena 10 akudikira yankho, akamukana ankamuwerengera zonse zomwe anapunguliridwa ngati ngongole yotsalira, kuonjezapo chindapusa.

Magulu odziwa ntchito ankapanga munthu aliyense kukhala ndi kope: tsiku loimba foni, dzina la woyankha, nambala yomwe wapatsidwa, risiti ya kalata iliyonse. Kope limenelo ndi limene loya ankagwiritsa ntchito, ndi limenenso mtolankhani ankajambula. Makope oterowo ataunjikana ndi pomwe California inaletsa mchitidwewu kuyambira pa 1 Januwale 2013. Mu Januwale 2014 panabwera malamulo a dziko lonse ochokera ku CFPB, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole: banki isayambe ndondomeko yolanda munthu asanatsalire masiku opitirira 120, ndipo pempho lokwanira likafika kutatsala masiku opitirira 37, okushoni iime mpaka yankho lituluke. Mawu oti "lokwanira" ndi amene amapweteketsa anthu. Tsamba limodzi losasainidwa, chitetezo chonsecho palibe.

Che Bwanali:
Amene anaidziwa bwino ntchitoyi, ine ndimati ndi a City Life/Vida Urbana a ku Boston, ndipo anayamba kale Occupy isanabadwe. Njira yawo ankaitcha lupanga ndi chishango. Chishango ndi maloya, lupanga ndi zionetsero.

Ku Massachusetts, chigawo chomwe muli Boston, banki imagulitsa nyumba osapita kukhoti, koma kuti itulutse munthu iyenera kukasuma kukhoti loona za nyumba. Pamenepo ndi pomwe ankaitchera msampha. Ophunzira zamalamulo a ku Harvard ankatenga mndandanda wa nyumba zolengezedwa m'nyuzipepala n'kumagogoda khomo ndi khomo ndi uthenga umodzi: musasamuke, bwerani kumsonkhano Lachiwiri madzulo. Chifukwa chake n'chakuti anthu ambiri ankathawa okha atangolandira kalata yoyamba, ena atapatsidwa kandalama kochepa kosinthana ndi makiyi. Kumsonkhanoko loya ankawathandiza kuyankha samani ndi kupempha kuti banki ionetse mapepala ake onse, ndipo mlandu womwe ukanatha m'masabata unkatenga miyezi. M'miyezi imeneyo nyumba ikudyera banki ndalama: msonkho, inshuransi, maloya, ndiponso anthu ali ndi zikwangwani panthambi yake.

Koma chachitatu ndi chimene ambiri amaiwala. Iwo sankangoti "musatitulutse". Ankabwera ndi zoti banki isankhe: landirani lendi, kapena gulitsani nyumbayo pa mtengo wake walero kwa Boston Community Capital, yomwe kuyambira mu 2009 inkagula nyumba zotere n'kuzigulitsanso kwa eni ake akale pa ngongole yatsopano ya zaka 30. Nyumba yomwe ngongole yake inali madola 350,000 koma pamsika yagwa kufika pa 180,000, banki ikanapeza 180,000 yomweyo kwa mlendo. Ndiye funso lomwe ankafunsa pamaso pa atolankhani linali lakuti, bwanji mukukana ndalama yomweyo kwa mwini wakale?

Opanga lendi anali ndi chishango chawochawo. Lamulo la dziko lonse la mu 2009 linawapatsa masiku 90 a chenjezo nyumba ikalandidwa, ndipo la Massachusetts la mu 2010 linaletsa banki kuwatulutsa popanda chifukwa chomveka.

Mbewe:
Che Bwanali, musaikometse kwambiri. Bungwe lija pogulitsanso linkaonjezera pafupifupi 25 peresenti pa mtengo womwe lagulira, ndipo mwini nyumba ankasainiranso kuti mtengo ukadzakwera adzagawana nalo phindu. Mitengo ya ku Boston itakwera, ena anapezeka kuti akuyenera kupereka ndalama zambiri zedi, mpaka mu 2020 ena anakalisumira, litasintha dzina kukhala BlueHub. Walira mvula walira matope. Komanso wopanda ntchito sankalowa m'pulogalamuyo, inkafuna munthu amene ali ndi malipiro okhazikika.

Chinanso, Fannie ndi Freddie anali ndi lamulo loletsa kugulitsa nyumba kwa aliyense amene akufuna kuibwezera kwa mwini wakale. Martha Coakley, loya wamkulu wa chigawocho, anawasumira mu 2014 koma khoti linautaya mlanduwo. Anadzafewetsa okha lamulolo mu Novembala 2014, DeMarco atachoka.

Gama:
Ine ndiye ndikukayika za kutchinga pakhomo komweko. Pa 6 Disembala 2011, tsiku lomwe Occupy Our Homes inayamba m'mizinda yopitirira 20, chithunzi chachikulu chinali cha ku East New York, ku Brooklyn, komwe analowetsa banja losowa pokhala m'nyumba yomwe ankati ndi ya banki. Patapita masabata ochepa kunatulukira bambo wina n'kunena kuti nyumbayo ikadali m'dzina lake, banki inali isanamalize kuilanda. Nyuzipepala zodana ndi gululo zinadya nazo bwino. Ulendo umodzi wokaona m'kaundula wa umwini wa nyumba ukanapewetsa manyazi amenewo. Safunsa anadya phula.

Ku South Minneapolis mu Meyi 2012 anthu anadzimangirira ku migolo ya simenti panyumba ina ya Freddie Mac. Anabweza masherifu kangapo, ena anabwera m'mamawa kusanache ndi zida zophwanyira, anthu ambiri ndithu anamangidwa, ena n'kutsegulidwa milandu ya chipolowe. Mapeto ake nyumbayo anaikhoma matabwa. Phindu lili pati?

Che Bwanali:
Achimwene, kutchinga pakhomo sikupulumutsa nyumba, kumagula masiku. Funso n'lakuti masikuwo mukugulira chiyani. Ngati loya ali ndi pempho la chiletso lomwe limvedwe Lachinayi, kapena wogula ali ndi kalata yomwe ili patebulo la bwana wa banki, kubweza wotulutsa anthu Lachiwiri n'kwanzeru. Ngati palibe chomwe chikudikiridwa, mukungotopetsa anthu ndi kudya ndalama za belo.

Kachitidwe kake ku Boston kanali kotere. Wodzatulutsa anthu amapereka chenjezo la maola 48, ndiye mndandanda wa mafoni umayenera kukhala wokonzeka kale, aliyense akudziwa anthu amene awaimbire. Ovomera kumangidwa amasankhidwa pasadakhale, amakhala ochepa, ndipo sakhala mwini nyumba, munthu wopanda mapepala okhalira m'dzikomo, kapena amene ali ndi mlandu wina. Mayina awo ndi manambala a abale awo amakhala kwa munthu mmodzi amene saima pafupi ndi khomo. Wolankhula ndi apolisi ndi mmodzi, wolankhula ndi atolankhani ndi wina. Mankhwala, mapepala ndi zinthu zofunika za banjalo zimatulutsidwa usiku wake, chifukwa zikalephereka katundu amapita kosungira komwe kumalipiritsa. Ndipo mwini nyumba ndi amene amanena kuti basi tasiya, osati alendo obwera ndi ng'oma.

Mu mzinda womwewo wa Minneapolis, mayi wina wa kumpoto kwa mzindawo anthu anamulondera nyumba kuyambira Novembala 2011, iye n'kukaima pamsonkhano wa eni masheya a U.S. Bank mu Epulo 2012 kufunsa mkulu wa bankiyo maso ndi maso. Pasanapite nthawi anapatsidwa ngongole yatsopano. Matenti anagula miyezi, koma anasaina ndi munthu wa dzina lodziwika amene anachita manyazi pagulu.

Nangozo:
Ndionjezereko za mapepala. Mu 2010 zinadziwika kuti wogwira ntchito wina wa GMAC, kampani ya ngongole za nyumba, anavomera polumbira kuti ankasaina zikalata pafupifupi 10,000 pamwezi osaziwerenga, zikalata zonena kuti wafufuza yekha ngongole iliyonse. Ndi imene inatchedwa robo-signing. GMAC ndi JPMorgan Chase anaimitsa kaye kulanda m'zigawo 23 zodutsira kukhoti, Bank of America m'zigawo zonse. Mu Januwale 2011 khoti lalikulu la Massachusetts, pa mlandu wa Ibanez, linafafaniza kugulitsidwa kwa nyumba ziwiri chifukwa mabanki analephera kuonetsa kuti chikole chinali chitasamutsidwira kwa iwo pa nthawi yogulitsa.

Koma anthu asamaganize kuti pepala lolakwika ndiye kuti nyumba yaulere. Banki imakonza pepalalo n'kuyambiranso. Mwapeza miyezi ndi mphamvu pokambirana, basi.

Mgwirizano wa mu Febuluwale 2012 wa madola 25 biliyoni, pakati pa zigawo 49 ndi mabanki 5, unamveka waukulu. Zambiri mwa ndalamazo sizinali zotulutsa m'thumba, zinali zowerengera banki ikachotsera munthu ngongole kapena ikalola nyumba kugulitsidwa motsika. Amene anali atalandidwa kale nyumba analandira cheke cha madola pafupifupi 1,500 aliyense.

Tembo wa ku Joni:
Kwa abale amene muli ndi bondi (ngongole ya nyumba) ku South Africa, nkhaniyi si ya kutali. Gulu la Chicago Anti-Eviction Campaign linatengera dzina ndi njira zake ku Western Cape Anti-Eviction Campaign ya ku Cape Town. Masiku oti muwadziwe ndi awa. Banki isanasume iyenera kukutumizirani kalata ya gawo 129 la National Credit Act, mutatsalira masiku 20 a ntchito, ndipo padutse masiku 10 a ntchito chitumizireni kalatayo. Kuchokera pa chigamulo cha Gundwana mu 2011, woweruza yekha ndi amene angalamule kuti nyumba yokhalamo igulitsidwe, osati kalaliki wa khoti. Chigamulo cha Nkata cha mu 2016 chinatsimikiza kuti mukalipira zotsalira ndi zolipiritsa zovomerezeka nyumba isanagulitsidwe, mgwirizano wa ngongole umabwerera m'malo, simufunika kubweza bondi yonse. Ndipo kuyambira Disembala 2017 khoti litha kuika mtengo woyambira pa okushoni, kuti nyumba isapite pa mtengo wa nkhuku. Koma muyenera kukaonekera kukhoti n'kupereka mtengo weniweni wa nyumbayo. Ambiri amabisa samani m'sutikesi.

Nachisale:
Zikomo a Tembo. Tsono tiyeni ku Wisconsin. Lamulolo linkati chiyani kwenikweni? Ambiri amangoti linali loipa.

Mayi Jere:
Act 10, yomwe bwanamkubwa Scott Walker anaibweretsa pa 11 Febuluwale 2011. Gawo la ndalama linali loti ogwira ntchito m'boma azilipira pafupifupi 5.8 peresenti ya malipiro ku penshoni ndi 12.6 peresenti ya mtengo wa inshuransi ya chipatala. Atsogoleri a mabungwe anavomera zimenezo m'masiku oyambirira omwe. Walker anakana kulekera pomwepo, ndipo apo ndi pomwe zinaonekera kuti nkhani sinali ya bajeti.

Mpeni weniweni unali m'zigawo zina. Bungwe lizikambirana za malipiro oyambira okha, osati maola, tchuthi kapena kachotsedwe ka ntchito, ndipo kukweza kusapitirire kukwera mitengo kwa zinthu pokhapokha anthu a m'deralo atavota. Mgwirizano uzikhala wa chaka chimodzi. Boma lisiye kudula ndalama za umembala pa malipiro, bungwe lizitolera lokha kwa munthu mmodzimmodzi. Ndipo chaka chilichonse bungwe lizichititsa chisankho choti likhalepobe, n'kupeza 51 peresenti ya ogwira ntchito onse, osati ya amene avota. Werengerani: aphunzitsi 200, avota 100, mwa iwo 95 ati inde. Bungwe lagwa, chifukwa limafunika 102. Wodwala, woiwala, amene ali patchuthi cha uchembere, onse amawerengedwa ngati akana. Phungu aliyense atayesedwa ndi muyeso umenewo, nyumba ya malamulo ikanatsala mipando yokha.

Apolisi ndi ozimitsa moto anawasiya kunja kwa lamuloli. Sungani mfundo imeneyo.

Gama:
Masenetala 14 a Democrat anathawira ku Illinois pa 17 Febuluwale pofuna kulepheretsa voti, anthu amawatama, koma chinali chiwerengero chabe. Bilu yokhudza ndalama imafuna masenetala 20 mwa 33 kuti akhalepo, a Republican anali 19. Pa 9 Malichi anangochotsamo zigawo za ndalama, chiwerengero cha 20 chija sichinafunikenso, n'kuidutsitsa 18 kwa 1. Walker anasaina pa 11 Malichi. Tsiku lotsatira kunabwera anthu pafupifupi 100,000, alimi ndi mathirakitala awo, koma siginecha inali itauma kale. Woweruza wina anaimitsa lamulolo pa chifukwa choti msonkhano wa komiti sunalengezedwe nthawi yokwanira, khoti lalikulu la chigawocho n'kulibwezeretsa mu Juni, oweruza 4 kwa 3.

Kwenda:
Apa ndi pomwe pali yankho la funso lanu, Anachisale. Ku Ohio malamulo aakulu a chigawo amalola anthu kukana lamulo latsopano pa referendamu. Ku Wisconsin khomo limenelo kulibe.

Bwanamkubwa wa Ohio John Kasich anasaina Senate Bill 5, lamulo lofanana ndi Act 10, pa 31 Malichi 2011. Kuchokera pamenepo otsutsa anali ndi masiku 90 oti atolere masiginecha okwana 6 peresenti ya mavoti a chisankho chapitacho cha bwanamkubwa, pafupifupi 231,000, ndipo ena mwa iwo achokere m'makaunti 44 mwa 88, kuti asangotolera m'mizinda ikuluikulu. Anapereka pafupifupi 1.3 miliyoni, ovomerezeka anapitirira 900,000. Onani kuchuluka kwa otayidwa: wosalembetsa m'kaundula wa voti, keyala yosiyana, wosaina papepala la kaunti ina. N'chifukwa chake wodziwa amatolera kuwirikiza. Ubwino wina, masiginecha akangoperekedwa lamulo limaima osagwira ntchito mpaka voti. Pa 8 Novembala linagwa ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100 alionse. Ntchito ina yaikulu inali yophunzitsa anthu kuti wofuna lamulo ligwe achonge "ayi".

Ndipo Kasich analakwitsa pomwe Walker anachenjera: anaphatikizamo apolisi ndi ozimitsa moto. Ozimitsa moto ndi amene ankaoneka pa kanema kuuza anthu kuti sadzathanso kukambirana za chiwerengero cha anthu pa galimoto yozimitsira moto. Ovotera Republican ambiri anawamvera.

Mayi Jere:
Ku Wisconsin chomwe chinatsala ndi kuchotsa Walker pampando, ndipo njira imeneyo ili ndi minga. Lamulo limati munthu akhale atatha chaka pampando, ndiye anadikira mpaka Novembala kuti ayambe kutolera masiginecha, moto utazirala. Masiku 60 otolera, ofunika 540,208, anapeza opitirira 900,000. Koma pa nthawi imeneyo lamulo linkalola amene akufuna kuchotsedwayo kulandira ndalama zopanda malire, ndipo Walker anasonkhanitsa madola opitirira 30 miliyoni pomwe wopikisana naye, Tom Barrett, anali ndi pafupifupi 4 miliyoni. Funso linasinthanso. Ku Ohio ankafunsa za lamulo, kuno ankafunsa za munthu, ndipo ovota ambiri ankaona kuti kuchotsa munthu pakati pa nthawi yake n'koyenera pokhapokha wapalamula. Pa 5 Juni 2012 Walker anapambana ndi 53 peresenti kwa 46.

Gama:
Bwenzi atangochita sitalaka ya onse mu Malichi momwemo. Aphunzitsi a ku Madison atanena kuti akudwala, sukulu zinatsekedwa masiku angapo, ndipo mgwirizano wa mabungwe a m'dera la Madison unavomereza zokonzekera sitalaka yotero.

Mayi Jere:
Amalume, kuvomereza ndi kuitanitsa n'zosiyana. Mgwirizano umenewo unalibe mphamvu yolamula bungwe lililonse kunyanyala. Sitalaka ya ogwira ntchito m'boma inali yoletsedwa ku Wisconsin, ndipo lamulo la Taft-Hartley la mu 1947 limatsekereza a m'makampani kunyanyala pothandiza anzawo a kwina. Thumba lodyetsa mabanja kwa mwezi panalibe. Mwina ikanatheka, sindikutsutsa, koma sitalaka siikonzedwa m'masabata atatu. Nkhani ya Act 10 inabwereranso kukhoti. Mu Disembala 2024 woweruza wa ku Dane County anagamula kuti kusiyanitsa apolisi ena ndi antchito anzawo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a chigawocho, chigamulocho n'kuimitsidwa podikira apilo.

Mbewe:
Mbali inayo inaphunziranso pa Ohio. Ku Michigan mu Disembala 2012, podutsitsa lamulo lomwe amalitcha right to work, anaikamo kandalama ka bajeti, chifukwa kumeneko lamulo lokhala ndi ndalama za boma silipita ku referendamu. Anasiyanso kunja apolisi ndi ozimitsa moto. Dzina la lamulolo ndi chikomekome cha mkuyu. Silipatsa munthu ntchito. Limangoti bungwe lipitirize kuimira aliyense pamalopo, ngakhale pa mlandu wochotsedwa ntchito, koma wosafuna asalipire kalikonse. Linakhala zaka zoposa 10, mpaka bwanamkubwa Gretchen Whitmer anasaina kulichotsa mu Malichi 2023. Ku Missouri anthu anatsata njira ya Ohio n'kuligwetsa pa voti mu Ogasiti 2018.

Nangozo:
Za ndalama za makampani zili pawiri, ndipo zotsatira zake zinasiyana. Chigamulo cha Citizens United cha pa 21 Januwale 2010, oweruza 5 kwa 4, chinalola makampani ndi mabungwe kuwononga ndalama zopanda malire pa kampeni bola asapereke m'manja mwa wopikisanayo. Mizinda yambiri inavomereza mfundo zochitsutsa, koma kuchisintha kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri za malamulo ndi zigawo 38. Montana itayesa kusunga lamulo lake la mu 1912, khoti lomwelo linaligwetsa mu Juni 2012.

ALEC ndiye inagwidwa pofewa. Ndi bungwe la mu 1973 momwe aphungu a m'zigawo ndi nthumwi za makampani amakhala pamodzi kulemba mabilu achitsanzo, phungu n'kupita nawo kwawo. Mu Julayi 2011 a Center for Media and Democracy anaika poyera mabilu otere opitirira 800, moti aliyense ankatha kuika bilu ya kwawo pambali pa ya ALEC n'kufananitsa mawu. Mnyamata wakuda Trayvon Martin ataphedwa mu 2012 ku Florida, chigawo chomwe chinali ndi lamulo lolola kuwombera podziteteza lomwe ALEC inkafalitsa, a ColorOfChange, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, sanalimbane ndi ALEC yeniyeniyo, analimbana ndi makampani ogulitsa zinthu kwa anthu wamba. Ankayamba ndi kalata yachinsinsi, kenako tsiku lomaliza, kenako mafoni a makasitomala. Coca-Cola, PepsiCo, Kraft, McDonald's ndi Walmart anatuluka, ndipo mu Epulo 2012 ALEC inatseka komiti yake ya zachitetezo ndi zisankho. Koma makampani a mafuta ndi a fodya, omwe saopa wogula wa pagolosale, sanatekeseke. Za Bank of America n'zofanana: inasiya ganizo lodula madola 5 pamwezi pa khadi pa 1 Novembala 2011, kutatsala masiku 4 kuti lifike tsiku lomwe anthu anapangana kusamutsa maakaunti.

Nachisale:
Za kulowa mumsonkhano wa eni masheya zija, sheya imodzi ikukwana?

Nabanda:
Yolowera ndi kufunsa funso imakwana, koma pali misampha itatu. Muyenera kukhala nayo lisanafike tsiku lomwe kampani imatseka kaundula wa ovota, lomwe limakhala masabata angapo msonkhano usanachitike, ndiye yogula sabata yomweyo ndi yopanda ntchito. Ngati munagula kudzera kwa bulokala, dzina lanu silili m'kaundula wa kampani, mupemphe kwa iye kalata yokupatsani mphamvu yovota, mutenge ndi chitupa chokhala ndi chithunzi. Chachitatu ndi chipinda. Pamsonkhano wa Wells Fargo ku San Francisco pa 24 Epulo 2012 anthu ambiri okhala ndi masheya anatsala panja atauzidwa kuti malo adzaza, ndipo ku Charlotte mu Meyi, pa wa Bank of America, mzinda unapatsa apolisi mphamvu zapadera zosecha zikwama. Wofuna kulankhula afike m'mamawa, avale ngati wopita ku ofesi, asanyamule chikwangwani, funso lake likhale lolembedwa, lotchula nyumba imodzi ndi chinthu chimodzi chomwe bwanayo angasaine.

Kuika mfundo yoti onse avotere ndi nkhani ina. M'zaka zimenezo zinkafuna masheya a madola 2,000 osungidwa chaka chathunthu, mfundoyo isapitirire mawu 500, ndipo itumizidwe miyezi ingapo msonkhano usanafike. Malire amenewo anawakhwimitsa mu 2020, moti wa masheya a madola 2,000 tsopano ayenera kukhala atawasunga zaka 3.